Achemwali Ali pa Mzere 217

Tsiku lomaliza kuwaona achemwali ake ali moyo, anawapeza akukangana ndi pilo. Linali Lachinayi masana, nthawi yoona odwala, wodi yonse ikununkha sopo wa m'chipatala ndi makoko a malalanje. Piloyo anali ndi msoko wokhota, ndipo iwo, telala wa zaka khumi ndi zisanu pa makina, sakanatha kuukhululukira msoko wotere ngakhale mutu unali kuwang'amba ndipo khosi litauma ngati mtengo.

"Anasoka ichi ndi mfiti," anatero, maso ali chitsinzinire chifukwa kuwala kunkawalasa. "A Pulofesa, mwafika? Khalani apo. Musandigwedezere bedi."

Ankamutcha Pulofesa chiyambire tsiku limene analowa koleji. Anali m'chaka chachiwiri, akuphunzira za ziwerengero za zaumoyo, ndipo pabanja ponse pepala lililonse lokhala ndi chidindo linkadikira iye.

Asanakhazikike n'komwe, panafika namwino wina atanyamula mapepala. Sanali wa m'wodimo, anali wa kafukufuku. Anafotokoza modekha kuti mankhwala a nthawi zonse achemwaliwo akulandira kale ndipo sadzasiya. Koma panali mankhwala ena atsopano, a m'kabotolo kakang'ono, amene madokotala ankafuna kudziwa ngati amathandiza akawonjezeredwa pamwamba. Wovomera sikuti ankalandira kabotoloko ayi. Ankamutsegulira envulopu, ndipo envulopuyo ndiyo inkanena, ngati maere: uyu alandire, uyu ayi.

"Mutu wanga sukugwira, anesi," anatero achemwali. "Funsani mwana wasukuluyu."

Iye anawerenga tsamba loyamba ndi theka la lachiwiri. Kenako anabweza mapepalawo.

"Moyo wa munthu sachitira maere," anatero, mawu atawakweza kuti a bedi loyandikana amveko. "Ngati mankhwalawo ndi abwino, apatseni. Ngati simukudziwa, kayesereni kwina."

"Zikomo, ndi ufulu wanu," anatero namwino uja. Anachonga penapake n'kupita pa bedi lina.

"Mwamumva?" achemwali anauza denga. "Sitinamutumize kusukulu kukadya choko. Iwe, thalauzi limenelo likukwekwesa pansi. Ubwere nalo Lamlungu ndidzalipinde."

Ananyamuka msanga chifukwa mawa lake anali ndi mayeso. Lamlungu m'mawa, akusita thalauzi lija, alamu ake anamuimbira foni.

Kukoleji sanabwerereko. Poyamba ankati abwerera mwezi wamawa, kenako anthu anatopa kumufunsa. Patapita chaka ndi theka, mphunzitsi wake wakale, amene aliyense ankangomutcha Madamu, anamuitana. Anati akufuna munthu wa maso akuthwa ndiponso wosatopa ndi manambala. Ankadziwa kuti mnyamatayo anaferedwa, koma sanafunse kuti ndi ndani kapena ndi matenda anji.

Ofesi yake inali chipinda chimodzi pamwamba pa masitepe, cha matebulo atatu, zenera loyang'ana khoma, ndi fani yomwe inkatembenukira kumanzere kokha. Ntchito yake inali iyi: anthu m'maiko osiyanasiyana afufuza kale za mankhwala amodzi, aliyense n'kulemba zake, ndiye pamafunika wina asonkhanitse zonsezo, aziyeze kulemera kwake, n'kunena chimene zikunena pamodzi. Tsiku loyamba, Madamu anamuuza dzina la mankhwalawo. Kanali kabotolo kaja. Anangopempha cholembera.

Mapepala anali m'milu iwiri. Mulu woyamba unali wa akafukufuku atatu a maere, mmodzi mwa iwo uja anakana. Onse atatu ankanena mwamanyazi: kusiyana kulipo pang'ono, mwina awiri kapena atatu pa anthu zana lililonse, mwinanso palibe. Mulu wachiwiri unali wa anthu amene sanachite maere, anangotsegula mabuku a chipatala n'kuwerenga kuti olandira kabotolo anamwalira angati, osalandira angati. Amenewa sankachita manyazi. Ankati kabotolo kamachepetsa imfa ndi theka.

Theka. Mawu amenewa ankadya naye, kuyenda naye, kugona naye.

Kafukufuku wamkulu pa mulu wachiwiriwo anachokera kuchipatala chimene achemwali anamwalirira. Olemba ake anatumiza ndandanda yonse ya odwala a zaka zinayi, mayina atachotsa, munthu aliyense atasanduka mzere. Sabata yachiwiri anawapeza. Mkazi, zaka 34, wogonekedwa Lachitatu, wolemera makilo 51. Kulowa m'kafukufuku: anakana. Kabotolo: ayi. Mapeto: anamwalira. Mzere 217. Anakhala akuyang'ana mawu oti "anakana" mpaka kompyuta inadzithimitsa yokha. Achemwali sanakane kanthu. Ankakangana ndi pilo.

Lamulo la mu ofesimo linali loti nambala iliyonse azikopera anthu awiri, aliyense payekha, osaonerana, kenako n'kufananiza. Chimodzimodzi pogamula ngati kafukufuku ndi wodalirika: wobiriwira ngati ali bwino, wachikasu ngati pali chikaiko, wofiira ngati ndi wokaikitsa kwambiri. Mnzake wofananiza naye anali bambo wachikulire wa magalasi omangirira ndi ulusi, amene anayamba ntchito pa makina okopera mapepala kalekale, dzina la a Fotokope n'kuwakanirira ngakhale tsopano ankadziwa ntchitoyo kuposa ambiri a madigiri.

"Achimwene, apa ndiye tasemphana ngati apongozi panjira," anatero a Fotokope Lachisanu lina, atagundanitsa mapepala awiriwo. "Wa kuchipatala chachikuluyu ine ndamupaka wofiira. Inu wobiriwira. Kodi mumaona bwino mitundu?"

"Anthu mazana asanu ndi limodzi, madala. Odwala enieni, a m'wodi yeniyeni. Awo a maerewo anasankha odwala ooneka bwino, ovutikitsitsa n'kuwasiya panja."

"Pamenepo simukunama. N'chifukwa chake sitiutaya mulu wachiwiriwu, umatiuza za anthu amene maere sanawafikire. Koma chikomekome cha mkuyu, achimwene. Anasankha ndani kuti uyu alandire, uyu asalandire? Envulopu ilibe m'bale, ilibe chisoni, siyang'ana nkhope. Dokotala amayang'ana."

"Ndiye mukuti madokotala ndi abodza?"

"Ndikuti ndi anthu. Inu mukundiyang'ana ngati ndakuberani mkazi bwanji? Tikasemphana amagamula ndi Madamu, si ine."

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuwaonetsetsa. Anaona kuti Madamu sanaphatikize milu iwiriyo kukhala nambala imodzi. Anajambula zithunzi ziwiri, cha maere pamwamba, cha mabuku a chipatala pansi, n'kulemba mzere wakuda pakati ngati mpanda wa anthu odana. Anamva Madamu akulankhula pafoni ndi dokotala wamkulu wa chipatala chija, kawiri sabata imodzi, akuseka, akumutcha "mkulu wanga". Anaonanso kuti akalowa m'chipindamo, a Fotokope ankasiya nkhani pakati n'kuyamba kupukuta magalasi.

Zinamveka bwino m'mutu mwake. Ngati kabotolo kamapulumutsadi theka, ndiye kuti pali anthu mazana amene anamwalira kabotoloko kali m'kabati. Ndani angafune kuti zimenezo zilembedwe? Kupaka wofiira kunali kukwirira. Ndipo pokwirira mlandu wa madokotala ankakwiriranso wa iyeyo, chinthu chimene sanapemphe munthu. Mlandu wake ankaudziwa. Chimene sakanalola n'choti achemwali, atamwalira kale kamodzi, awafafanizenso ndi cholembera chofiira.

Loweruka lina anapita kukaona ana kwa alamu ake. Makina osokera anali pakona pomwe paja, atafundiridwa nsalu, pamwamba ataikapo wailesi.

"Alamu, ine sindiiwala," anatero bambowo akumuperekeza, monga ankanenera nthawi zonse. "Pakanapanda inu, akanamuyesera mankhwala awo aja mayi wa anawa. Anapita ndi thupi lake laulemu. Sukulu ndi yabwino."

Iye anangoti, "Zikomo alamu," n'kuyenda msanga ngati wathawa ngongole ya mawu.

Lolemba, a Fotokope atapita kukagula chakudya chamasana, Madamu anatseka chitseko n'kukokera mpando pafupi ndi tebulo lake. Anali mayi wamfupi, wosakonda kuzungulira.

"Mzere 217 ndi ndani?"

"Ndi mzere, Madamu."

"Usandipusitse, ndinakuphunzitsa ndine. Pepala lililonse lomwe wasindikiza lili ndi kadontho ka pensulo pa mzere umenewo. A Fotokope anaona kalekale, ankangokumvera chisoni. Ndi ndani?"

"Achemwali anga."

Madamu anavula magalasi n'kuwaika patebulo. "Ndiye unalowa ntchito ino ukudziwa? Unabwera kudzandithandiza kapena kudzafukula maliro?"

"Munandiitana ndinu."

"Ndipo iwe unakhala chete. Ukudziwa kuti wina akamva zoti wogamula kafukufukuyu ndi mlongo wake wa wodwala, ntchito yathu ya miyezi isanu ndi itatu ipita m'dzala?"

"Ipite!" Mawu anatuluka okha. "Si mwaipaka kale wofiira? Mumaseka nawo pafoni anthu amenewo, 'mkulu wanga, mkulu wanga'. Mwamanga mpanda pakati pa zithunzi kuti theka lija lisaoneke. Ine ndinawakaniza achemwali kulowa m'maere, ine ndi pakamwa pangapa. Akanalowa, mwina envulopu ikanawapatsa kabotolo. Ndikudziwa chimene ndinachita. Musandipake mafuta, ndipo musawachotse m'chiwerengero kuti anzanu agone tulo."

Fani inatembenukira kumanzere n'kubwerera. Madamu sanakalipe. Anakoka ndandanda ija n'kuika chala pa mizere ya osalandira kabotolo.

"Werenga masiku. Uyu anamwalira tsiku lachiwiri. Uyu lachitatu. Uyu tsiku lomwe anafika. Tsopano pita kwa olandira, undipezere mmodzi yemwe anamwalira tsiku lachiwiri."

Anayang'ana. Anatsika ndi chala tsamba lonse, n'kutembenuza lina. Panalibe.

"Si umboni womwewo?" anatero. "Kabotolo kanawateteza."

"Kabotolo sikaperekedwa munthu akangofika. Amayamba atenga madzi a pamsana kupita nawo ku labu, kuti atsimikize kuti ndi matenda omwewo. Zotsatira zikabwera, ndiye kabotolo. Tsono kuti munthu alembedwe m'gulu la olandira, ayenera kukhala moyo mpaka zotsatira zitafika. Womwalira akudikira amagwera gulu liti?"

Iye anabweza chala pa mizere ya osalandira ija.

"La osalandira," anatero Madamu. "Onse. Zili ngati kunena kuti gauni imateteza ana kusiya sukulu, poti aliyense wovala gauni anamaliza koleji." Atangotero anadzigwira pakamwa. "Pepa. Chitsanzo chimenecho ndimapereka m'kalasi."

"Ndi chabwino," anatero iye mouma. "Ndachimva kuposa a m'kalasiwo."

"Ndiye ukaphatikiza milu iwiriyi mosaganiza, anthu mazana asanu ndi limodzi a m'mabukuwa ameza a maere aja, nambala n'kutuluka yokongola, yabodza. Sindikuutaya. Ndikufuna kuuwerenganso bwino, kuyambira tsiku limene zotsatira za munthu aliyense zinatuluka, osati tsiku logonekedwa. Ukatero mwina milu iwiriyi iyandikana, ndipo pamenepo tikhoza kukamba zoiphatikiza. Mwinanso siyandikana. Sindikudziwa."

Zinali zomveka, ndipo n'chifukwa chake sanazikhulupirire. Bodza labwino limakhala lomveka. Anaganiza za namwino uja, mmene analankhulira modekha, ndi alamu ake, ndi onse amene chaka ndi theka chonsechi ankamuuza kuti inali nthawi yawo. Aliyense anali ndi nsalu yake yoti amufunditse.

"Zimenezo ndi za anthu mazana asanu ndi limodzi," anatero. "Ine ndikunena za mmodzi. Ndinawerenga malamulo a kafukufuku wa maere uja, ndikudziwa kuti envulopu ankatsegula zotsatira zikabwera. Koma analemba kuti labu imatenga masiku awiri. Achemwali anawatenga madzi Lachitatu. Lachisanu envulopu ikanatsegulidwa. Anamwalira Lamlungu. Masiku awiri a kabotolo, Madamu. Musandiuze kuti si kanthu."

"Masiku awiri ndi a papepala. Labu ya papepala magetsi sazima, makina safa, wogwira ntchito sadwala. Ya pansi pano sindikuidziwa, ndipo m'ndandandamu tsiku la zotsatira sanalembemo. Ukuganiza kuti ndimamusekerera chifukwa chiyani dokotala uja? Nthabwala zake n'zosaseketsa n'komwe. Miyezi iwiri ndakhala ndikumunyengerera kuti atikopere buku la ku labu."

Anadzuka, natsegula kabati yake, natulutsa envulopu yaikulu yakhaki, yonenepa, yomatidwa ndi tepi mbali zonse. Anaiika patebulo pakati pawo.

"Yafika m'mawa uno. Mayina anaphimba, anasiya manambala a mizere."

Iye anaitembenuza. Anayang'ana tepiyo m'mphepete, ngati inamatulidwapo n'kumatidwanso. Anaona chidindo cha chipatala chitadutsa pakati pa tepi ndi pepala, chosasemphana. Anayendetsa chikhadabo pa ngodya zonse zinayi.

"Ukuganiza kuti ndaitsegula ndi nthunzi ya ketulo?" anafunsa Madamu.

"Sindikudziwa chimene ndikuganiza."

"Chabwino. Tamvera tsono, ndisakunamize. Sindikudziwa zimene zili m'menemo. Likhoza kukhala Lachisanu lomwelo, ndipo ukatero udzasenza zimenezo, ine sindidzakutula. Ndingokukumbutsa kuti ngakhale akanalowa, envulopu ikanatha kunena kuti ayi, ndipo ngakhale ikanati inde, a maere akuti kusiyana n'kochepa. Koma ndaona kuti zimenezo sizikukufika. Chachiwiri, kaya muli chiyani, kuyambira mawa kafukufuku ameneyu sumukhudzanso. Ndikupatsa mulu wina. Ukhozanso kusankha kusayang'ana, ukapita kunyumba, ife tikopera tokha."

"Ndiyang'ana."

Chitseko chinagogodwa, a Fotokope n'kulowa chammbuyo atanyamula kapepala ka zakudya. Ataona nkhope ziwirizo ndi envulopu patebulo, anaima.

"Ndibwerenso? Ndikhoza kukadyera pa masitepe, ndinazolowera."

"Khalani, madala," anatero mnyamatayo. "Lamulo si loti awiri? Ine maso anga sindikuwakhulupirira. A Madamu sindikuwakhulupiriranso."

"Koma ine?"

"Inu mulibe nzeru zonamira."

"Zikomo kwambiri, achimwene, ulemu umenewo sindinaulandirepo," anatero a Fotokope. Koma sanaseke. Anaika chakudya pawindo, napukuta manja pathalauzi, nakhala pansi.

Mnyamatayo anadula tepi ndi lumo. Munali mapepala okopedwa mothimbirira, mizere ya buku lalikulu yolembedwa pamanja ndi anthu osiyanasiyana, ena olemba mopendekera, ena ngati nkhuku yapalasa. Sanawayang'ane. Anawakankhira kwa a Fotokope, iye n'kutenga fomu yopanda kanthu. Pamwamba analemba 217. M'danga la tsiku logonekedwa analemba 5 Juni. M'danga la tsiku lomwalira analemba 9 Juni, 9 uja n'kuoneka ngati wopindidwa ndi telala wosadziwa ntchito. Linatsala danga limodzi.

"Likakhala 7 kapena 8, mungonena," anatero. "Musayambe ndi 'pepani'."

A Fotokope ananyowetsa chala n'kuyamba kutembenuza mapepala. Anadutsa 190, anadutsa 205, anabwerera m'mbuyo chifukwa masamba awiri anamatirirana. Kunja galimoto inaliza hutala kawiri. Kenako chala chinaima. Anakweza magalasi, anawatsitsanso, natenga rula n'kuigoneka pansi pa mzerewo kuti diso lisalumphire wa munthu wina.

"Mzere 217," anatero. "Madzi analandiridwa pa 5 Juni. Matenda anapezeka. Tsiku lotulutsa zotsatira."

Anatembenuzira pepalalo kwa mnyamatayo, rula ili pomwepo, kuti awerenge limodzi.

12 Juni.